Mmene ndinachitidwira opaleshoni ya hernia ya m'mphechepeche

Hernia ya m'mphechepeche imayamba ndi kachotupa kofewa. Ukaimirira kapena kutsokomola kamatuluka, ukagona chagada kamabwerera m'kati. Limakhala thumbo likudutsa pomwe minofu ya pamimba yafooka, ndipo palibe mankhwala akumwa, achikuda kapena achizungu, omwe angatseke bowolo. Yanga inakula ndikusenza matumba a mbatatesi ku Lizulu.

Ndinayambira ku chipatala chaching'ono chakwathu, komwe anandilembera m'buku kuti ndipite ku chipatala chachikulu cha Ntcheu. Kumeneko adokotala anandiimika, nagwira pachotupapo. "Tatsokomolani, bambo." Atatero anandipatsa tsiku. Madzulo a tsiku logonekedwa anayeza magazi ndi BP, ndinasaina fomu yovomera, ndipo kuyambira pakati pausiku sindinadye kanthu. Pitani ndi wokudikirirani. Ine anali mayi akunyumba.

Musanasaine, funsani kuti akonza bwanji. Njira ina ndi yosoka minofu yokhayokha, monga ya Bassini yomwe inayamba ku Italy m'ma 1880. Ina ndi ya Lichtenstein, yoika kaukonde kotchedwa mesh pamalo ofookawo, minofu nkumerera momwemo. Ndi kaukondeka hernia sibwererabwerera, koma sikapezeka nthawi zonse, ndipo ngati thumbo laola madokotala amakapewa poopa mafinya. Kusoka kochitidwa bwino nakonso kumagwira. Ine anandiikira kaukonde. Anandibaya jekeseni wa pamsana, miyendo inachita dzanzi, koma ndinkamva akuyankhulana.

Mawa lake anandiuza kuti ndiyende pang'onopang'ono. Chovuta chinali kunyumba: masabata 4 mpaka 6 osanyamula cholemera, pomwe mbatatesi zikudikira kumunda. Gwirani mtima, lembani aganyu. Ndiwo zamasamba ndi madzi ambiri zimathandiza kuti musadzimbidwe, chifukwa kudzikakamiza kuchimbudzi kumakoka bala. Bala likafiira, kutupa kapena kutulutsa mafinya, bwererani msanga.

Si hernia zonse zofanana. Ya pamchombo mwa ana nthawi zambiri imatsekeka yokha asanafike zaka 5, koma mwa akulu sitsekeka. Yotulukira pachipsera cha opaleshoni yakale, monga ya uchembere, imabwerera kawirikawiri ikangosokedwa popanda kaukonde, ndipo zikuluzikulu amatha kutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Amayi achenjere ndi kachotupa kakang'ono kumtunda kwa ntchafu, m'munsi mwa mphechepeche, chifukwa kameneka kamakola thumbo msanga.

Chimandiwawa mtima n'choti amuna ambiri timabisa chifukwa cha manyazi. Chotupa chikalimba, kukana kubwerera m'kati, mimba kupotokola, kusanza, chimbudzi osatuluka, ndiye kuti thumbo lakoledwa ndipo likhoza kuola m'maola ochepa. Pamenepo musakanikize ndi manja kapena kudikira kuti kuche. Pezani galimoto usiku womwewo, ndipo wodwalayo asadye kanthu panjira.