Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Chilimwe chimene tinapita kunyanja

M'gawo lapitalo ndinakusiyani titangosamukira ku Area 25, m'nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi mtengo wa mango kuseri, makina anga osokera nditawapezera malo pakhonde. Lero ndikufuna ndikuuzeni za chilimwe cha 2023. Chimenecho ndicho chinali chilimwe chomaliza ana anga onse atatu ali pakhomo, akudya m'mbale imodzi, ine ndikuwawerenga madzulo alionse ndisanatseke chitseko.

Ana anga ndi aakazi okhaokha. Wachisamba anali ndi zaka 13, atangolowa Sitandade 8 mu Seputembala. Wapakati anali ndi zaka 9, mzime 4. Bambo awo amayendetsa thanki ya mafuta njira ya ku Beira, moti masiku amene amagona pakhomo pa mwezi sadzaza dzanja limodzi. Achibale ena sankatopa kundifunsa kuti, "Nanga wamwamuna abwera liti?" ngati kuti atatuwa sanakwane kukhala ana. Funso limeneli limandipweteka mpaka lero, ndipo ndinaleka kuliyankha.

Amene munakhalapo mu Lilongwe mwezi wa Okutobala mukudziwa. Nyenje zimayamba kulira dzuwa lisanakwere n'komwe, malata amathetheka pamutu, kamvuluvulu amanyamula fumbi ndi mapepala n'kudzazitaya pa zovala zimene wangoyanika kumene. Chaka chimenecho kunanyanya. A zanyengo anachenjeza pa wailesi kuti ku chigwa cha Shire kutentha kufika madigiri 44, ndipo ngakhale ife a kumtunda kuno tinkagona pa mkeka pansi, mawindo otsekula, neti yokha itatikuta.

Tsiku lathu linkayamba ndi madzi. Masana mpopi unkangouma gwa, koma cha m'ma 3 koloko usiku unkayamba kutsokomola, ndipo khutu langa linazolowera kumva kutsokomolako ngakhale ndili m'tulo tofa nato. Ndinkadzutsa wachisamba, osayatsa nyali kuti aang'ono asadzuke. Iye kugwira ndowa, ine kusenza n'kumakhuthulira mu diramu, kenako zigubu, pomalizira mtsuko wa madzi akumwa umene amayi anga anandiumbitsira kumudzi. Sitinkayankhula zambiri. Nthawi zina ankasinza ataimirira, dzanja lili pa mpopi, madzi n'kusefukira kumapazi kwake. Ndikamuuza kuti akagone ankakana, amati, "Mutsala nokha, amayi."

Madzi amenewo ndiwo ankatipatsanso ndiwo, chifukwa chilimwe ndi nyengo ya mafilizesi. Ndinkagula malambe pa msika wa Nsungwi, kuwanyika m'madzi owiritsa, kufikisa mpaka nthanga zitayera, kusefa, kuthira shuga. Kuwiritsako sindinkachita nako ulesi ngakhale makala anali okwera mtengo. Tinali tisanaiwale kolera amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, amene anachititsa kuti sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zichedwe kutsekulidwa mu Januwale chaka chomwecho. Ana amene ankagula kwa ine anali ana a anzanga, ena ankakhala desiki imodzi ndi anga. Ntchito tinagawana yokha: wapakati ali ndi zala zachangu, ndiye ankamanga timapepala, wachisamba ankalemba ndalama m'kope lakale la masamu, mzime ankakhala pambali ndi kapu yake kudikira zotsalira m'beseni. Magetsi akazima tsiku lonse, zonse zinkasungunuka mu filiji, ndipo tinkangomwa tokha ndi ana a oyandikana nawo, mtima ukuwawa.

Koma nthawi imene ndimaisowa kwambiri ndi ya masana, akaweruka kusukulu. Dzuwa likafika paliwombo palibe kasitomala amene amabwera kudzayezetsa, ndiye ndinkasiya makina n'kukayala mkeka pansi pa mango. Mmodzi ankakhala pakati pa miyendo yanga ndikumuluka tsitsi, wina akuwerenga mokweza za homuweki, wina akusenda mango aawisi oti tidye ndi mchere ndi tsabola. Ndinkawaletsa kuti adwala m'mimba, koma mbale ikafika pafupi nanenso dzanja linkapita. Kukayamba kuzizira, anzawo ankabwera, phada ndi fulaye mpaka mdima. Pa mkeka umenewo ndi pamene ndinkamva zonse: mphunzitsi amene wakwiya, mnzawo amene wasiya sukulu, mnyamata amene anatchingira wapakati njira. Mwana ukamamuluka tsitsi sakuona kumaso, ndiye amanena zimene sanganene mutayang'anizana.

Maulendo athu anali aafupiafupi. Loweruka tinkapita kukasankha kaunjika, pobwera n'kugula tchipisi cha pachiwaya, mbale imodzi anthu anayi. Kamodzi ndinawatengera ku City Centre kukaona chiliza cha Kamuzu Banda ndi nyumba ya malamulo imene ili pafupi pomwepo, chifukwa wachisamba ankaphunzira zimenezo m'kalasi. Mitengo ya jakaranda inali itathothola maluwa ake mumsewu monse, mzime n'kudzaza nawo matumba a diresi. Basi, ulendo wake unali umenewo.

Za kunyanja anayambitsa ndi wapakati. Mnzake wina anapitako ndi makolo ake, ndipo kuyambira pamenepo nkhani pa mkeka inali imodzi. Ine ndinkangoti tidzaona. Koma usiku wina tikutunga madzi ndinayang'ana wachisamba, ndipo ndinaona kuti mutu wake wafika paphewa langa. Ndinawerenga miyezi: akalemba mayeso a Sitandade 8 n'kusankhidwa kupita kusukulu yogonera komweko, chilimwe chotsatira sadzakhala pano. Mlungu womwewo ndinakatenga ngongole ku banki m'khonde yathu, ndikudalira kuti ntchito ya Tsiku la Anakubala idzabweza.

Kwa telala, masiku oyandikira 15 Okutobala ndi nthawi yokolola. Aliyense amafuna kugulira mayi ake chitenje, ambiri amafuna chisokedwe, ndipo onse amabwera mochedwa. Ndinasoka mpaka msana kuuma, miyendo kutupa ndi kupalasa. Nditamaliza za anthu, ndinasoka zathu kuchokera pa nsalu imodzi yobiriwira ya maluwa achikasu: madiresi atatu, bulauzi yanga, ndi chitenje cha amayi anga.

Chaka chimenecho 15 Okutobala linali Lamulungu, choncho tchuthi chinagwera Lolemba. Titaweruka kutchalitchi tinakwera minibasi ya ku Salima n'kutsikira pa Mvera, kwathu. Amayi anga anabadwira komweko, pafupi ndi mishoni imene azungu a mpingo wa Dutch Reformed anayambitsa mu 1889, ndipo ndi mayi wa Chigwirizano kuyambira ine ndisanabadwe. Ku Salima anapitako kangapo, kumaliro ndi kukagula mpunga, koma ankathera pa Kamuzu Road. Makilomita pafupifupi 20 otsala kukafika ku Senga Bay sanawayendepo. Moyo wawo wonse unali munda, dimba, mtondo ndi ife ana asanu ndi mmodzi. Sindikumbuka tsiku ndi limodzi lomwe limene amayi anatuluka pakhomo popanda chifukwa cha ntchito, matenda kapena mapemphero. Nditawauza kuti mawa tikupita nawo limodzi anakana kaye: "Ndikatani kumeneko ine, nkhalamba? Nkhuku zanga aziona ndani?" Koma m'mawa tinawapeza atasamba kale, chitenje chatsopano chili m'chiuno, atakazinga mtedza wodzaza jumbo.

Msewu ukamatsika mapiri kuchokera ku Mvera, makutu amatseka ndipo mphepo yolowa pawindo imasanduka ngati ya pamoto. Lilongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, nyanja ili pansi pa 500, ndiye kutentha kwa kumeneko ndi kwina. Titafika kuchigwa, wapakati anandikoka dzanja n'kuloza mitengo ikuluikulu yopanda masamba, matupi ake onenepa ngati nkhokwe. Agogo ake anamuuza kuti imeneyo ndiye milambe. Mwana amene wamanga mafilizesi a malambe chilimwe chonse anali asanaonepo mtengo wake. Anaiwerenga mokweza mpaka pa Kamuzu Road.

Ku Senga Bay kunali anthu ngati nyerere, mabasi a magulu a amayi ovala zofanana, zoimbira zikulira mbali zonse. M'malo olipiritsa pageti sitinalowe. Tinayenda cha kumene kuli asodzi, kudutsa pakati pa mathandala oyanikapo usipa, fungo lake likutilonjera, mchenga ukuwotcha ngakhale tinavala masilipasi. Kenako nyumba zinatha, ndipo nayo nyanja, yabuluu mpaka kumene maso alekezera, kachilumba ka Namalenje kali poteropo ndi miyala yake, mabwato atagona m'mbali.

Tonse tinangoti chete. Mzime anagwira chitenje changa n'kufunsa, "Amayi, madzi onsewa watunga ndani?"

Wapakati sanadikire yankho, anali atavula kale diresi n'kuthamangira m'madzi ndi kabudula wake, mng'ono wake pambuyo. Ine ndinayala chitenje pansi pa mtengo n'kuunjika zikwama. Koma wachisamba anakhala pansi pafupi ndi katundu, mawondo atawakumbatira, diresi lake losavula. Ndinamuuza kuti apite akasambe. Anapukusa mutu. Ndinamuuzanso, anangoyang'ana kumbali kumene kunali anyamata akusewera mpira. Pamenepo mtima unandipsa. Ndinaganiza za ngongole, za usiku umene ndinachezera pa makina, ndipo mawu anatuluka okalipa: "Ndavutikira ndani ine? Ukanatsala kunyumba bwenzi nditasunga ndalama ya thiransipoti!" Misozi inalengeza m'maso mwake koma sanayankhe.

Amayi anga anandigwira pamkono, n'kunena chapansipansi kuti mwana asamve: "Msiye. Uli naye tsiku ndi tsiku koma suona? Mwanayu wakula."

Ndinamuyang'ana bwinobwino, momwe anapindira mapewa kutsogolo, momwe ankakokera diresi kuti lisamugwire pachifuwa. Ine amene ndinamuyeza ndi tepi mlungu womwewo, n'kulemba manambala m'kope, sindinaganize kuti manambalawo akutanthauza chiyani kwa mwini wake. Ndinachita manyazi, ndipo mpaka lero ndimadandaula ndi mawu amene ndinamulankhula pagulu paja.

Amayi anaimirira, anamanga chitenje chawo mwamphamvu, n'kutenga china m'chikwama kumuponyera mdzukulu wawo. "Mkazi mnzanga, tamanga ichi pachifuwa, undigwire dzanja. Ine madziwa ndikuwaopa, ndekha sindilowamo." Anapita awiriwo pang'onopang'ono, nkhalamba ndi namwali, zitenje zili m'khwapa. Funde loyamba litawakhudza kumapazi amayi anabwerera m'mbuyo n'kufuula, "Mayo ine!" ndipo wachisamba anaseka, kuseka kwenikweni kwa mwana kumene ndinali ndisanakumve kwa miyezi. Analowa mpaka m'mawondo. Ndinaona amayi akuwerama, kutapa madzi ndi manja awiri, kusukusula kumaso, kenako kuima nji kuyang'ana kutsidya kosaoneka. Anaima choncho nthawi yaitali. Aang'ono aja anawathamangira n'kuyamba kuwawaza madzi, ndipo posakhalitsa onse anayi anali atanyowa mpaka kumutu, agogo akukalipa uku akuseka.

Ine ndinatsala ndi zikwama, monga mwa masiku onse. Patapita nthawi wachisamba anatuluka, madzi akuchucha, n'kudzakhala pambali panga. Ndinamuuza kuti andikhululukire. Iye anangoti, "Amayi, pitani nanunso. Katundu ndiyang'anira ine." Ndinapita. Madzi anali ofunda pamwamba, ozizira kumapazi, ndipo miyendo yanga yotupa ija inapepuka. Mzime anandikwera kumsana. Sindikudziwa kusambira, ndinangokhala pansi pamene madzi amafika m'chiuno, mafunde akundikankha, amayi anga ali pambali panga atagwira dzanja langa ngati mmene ankachitira tikamawoloka mtsinje popita kudimba.

Masana tinagula chambo ziwiri zowotcha ndi nsima kwa mayi wina wa pamenepo. Amayi anadya mutu, fupa lililonse kuliyamwa, n'kunena kuti nsomba imene imafika ku Mvera pa njinga ndi mthunzi chabe wa imeneyi. Tisananyamuke anatsuka botolo la Sobo limene tinamwera, analidzaza madzi a m'nyanja, akuti akaonetse anzawo a Chigwirizano.

Tinafika ku Area 25 usiku, ana ali m'tulo, mchenga uli m'tsitsi limene ndinaluka dzana lake. Patangotha milungu itatu, mu Novembala, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa nsalu, ulusi ndi shuga n'kukwera tsiku limodzi. Ngongole ija ndinaibweza movutika mpaka Khirisimasi, ndipo tikanati tidikire mwezi umodzi wokha, ulendowo sukanatheka.

Mvula yoyamba itagwa, ana akutola ngumbi pansi pa babu la pakhonde, amayi anandiimbira foni pa nambala ya mlongo wanga. Moni anali wachidule. "Sukulu akatsekera mu Disembala, unditumizire mkazi mnzanga uja, abwere yekha. Pali zoti ndikambe naye, zimene iwe mayi wake sungamuuze." Za ulendo umenewo, ndi mmene ndinamukwezera minibasi yekha koyamba pa Kanengo, ndidzakuuzani m'gawo lotsatira.