Sabata imodzi pa piyano ya kwaya

Lolemba sindinakumane ndi oimba. Ndinakhala ndekha pa piyano ndi buku la manotsi a Messiah, pensulo ili m'manja, kukonzekera konsati ya Loweruka. Katswiri wopeka nyimbo wotchedwa Handel analemba nyimbo zimenezi mu 1741, m'masiku 24 okha, ndipo anazilembera kwaya pamodzi ndi okesitira: mavayolini, malipenga ndi ng'oma. Okesitira yathu imabwera pa pulakatisi yomaliza yokha, choncho pa pulakatisi zonse zidazo zimakhala m'zala zanga khumi. Pali malo amene munthu sangathe kuimba zonse zolembedwa, ndiye ntchito ya Lolemba ndi kusankha choti ndisiye. Zokometsera za mavayolini ndimazisiya popanda chisoni. Mzere wa besi sindiutaya, chifukwa oimba onse amatsamira pamenepo.

Lachiwiri madzulo tinakumana tonse. Mayi amene amatsogolera kwaya yathu ndagwira nawo ntchito zaka 14. Iwo anayamba ngati mphunzitsi wa nyimbo pasukulu, ine ndinayamba ndi kuphunzitsa ana piyano, ndipo mpaka lero tonsefe masana timaphunzitsabe, chifukwa kwaya ya anthu ongodzipereka siingadyetse munthu payokha. Pa zaka zonsezi tafika poti sitifunika kulankhulana zambiri. Akaimitsa kwaya n'kuyang'ana aluto, ine ndakonzeka kale ndi noti yawo yoyambira. Akanena kuti tibwerere pamene atenala alowera, chala changa chili kale patsambalo. Masekondi amenewa ndi ofunika. Oimba amabwera atatopa ndi ntchito zawo, ndipo woimba piyano akachedwa kupeza malo, maganizo awo amabalalika ndipo kuwasonkhanitsanso kumatenga nthawi yaitali.

Lachitatu ndinali ndi atenala okhaokha. Ndi ochepa, monga zimakhalira m'makwaya ambiri, ndipo vuto lawo sabata ino linali kutsika mawu. Munthu akatopa mpweya umachepa, noti iliyonse yotsika amaitsitsa mopitirira pang'ono, yokwera saifikitsa, ndipo pofika kumapeto kwa tsamba gulu lonse lachoka pakiyi osazindikira. Piyano siitsika. Noti A imene timachunira imanjenjemera ka 440 pa sekondi nthawi zonse. Ndinawapempha kuti aimbe okha popanda ine, kenako atafika kumapeto ndinagunda noti yomwe anayenera kuthera. Anayang'anana. Sindinawadzudzule, makutu awo anali atawauza kale. Tinabwereza kanayi pogwiritsa ntchito do re mi, njira imene John Curwen anafalitsa ku England potengera ntchito ya Sarah Glover, ndipo ulendo wachinayi tinathera pamodzi.

Tsiku limene ndikuliganizirabe ndi Lachinayi. Mayi anandiimbira foni masana, mawu atasasa ndi chimfine. Anati, "Bambo, lero muimirire ndinu. Ine ndisunge mphamvu za Loweruka." Ndinavomera, ndipo mmodzi wa ophunzira anga anakhala pa piyano. Nyimbozo ndimazidziwa noti ndi noti, koma nditaima kutsogolo kwa anthu aja n'kukweza dzanja, analowa mosiyanasiyana. Tinayesanso, chimodzimodzi. Kachitatu ndinakumbukira chimene ndakhala ndikuchiona kuchokera pambali zaka zonsezi: Mayi asanatsitse dzanja amakoka mpweya poyera, ndi mapewa ndi nkhope yomwe, ndipo kwaya yonse imakoka nawo. Liwiro la nyimbo limakhala mumpweya umenewo, noti yoyamba isanamveke. Nditapuma nawo, analowa ngati munthu mmodzi.

Otsogolera ambiri otchuka anadzera pampando wa piyano. Georg Solti anayamba mu 1930 kunyumba ya opera ya ku Budapest, akuphunzitsa oimba mbali zawo pa piyano, asanagwire ndodo yotsogolera. Anthu ena amandifunsa chifukwa chake sindifuna kwaya yangayanga. Usiku umenewo ndinaona bwino yankho langa. Wotsogolera amanyamula nyimbo yonse m'mutu, ndipo amayenera kukhala patsogolo pa phokoso limene akumva. Ine chimene ndimakonda ndi kukhala m'kati mwa phokosolo, kumva kuti asopulano akutha mpweya n'kuwasunthira pang'ono liwiro, kapena kukweza noti imodzi ya abesi akayamba kukayika, popanda womvera aliyense kudziwa kuti chachitika n'chiyani. Imeneyi ndi ntchito yokwanira payokha ndipo ndimainyadira.

Lachisanu okesitira inafika ndipo malo anachepa. Pamene Messiah inaimbidwa koyamba ku Dublin pa 13 Epulo 1742, amayi anapemphedwa kuti asavale madiresi otambalala ndipo abambo asiye malupanga kunyumba kuti anthu ambiri akwane muholo. Ife vuto lathu linali kungopeza poika mipando ya oimba machelo, zida zonga mavayolini aakulu zoimba mawu a besi. Ine ndinasamukira pa harpsichord, chida chonga piyano chimene zingwe zake zimakodoledwa m'malo momenyedwa, ndipo ntchito yanga inasinthiratu. Tsopano ndinkaimba mzere wa besi pamodzi ndi machelo, dzanja lamanja likudzaza manoti apamwamba motsatira timanambala tolembedwa pansi pa mzerewo. Zida zimene ndinazinyamula sabata yonse ndinazibweza kwa eni ake.

Loweruka Mayi anabwera atavala mpango pakhosi, mawu akadali osasa, koma manja ali bwinobwino. Atenala sanatsike. Chakumapeto kwa Amen yomaliza, imene abesi amaiyamba okha ena n'kumalowa motsatizana, pali kamphindi kamene oimba ndi zida zonse amakhala chete. Muholo munalibe ngakhale wotsokomola. Ndinachotsa maso m'buku n'kuyang'ana mapewa a Mayi. Anakwera, tonse tinakoka mpweya, ndipo ndinatsitsa manja pamodzi ndi machelo.