Tsiku lachitatu pa Ilha de Moçambique, tulo sitikubwera

Nthawi yapitirira 11 koloko usiku, amuna anga agona kalekale, ine ndili pakhonde pa loji ndi foni m'manja, kamphepo ka kunyanja kakuwomba bwinobwino koma zomwe watiuza lero mkulu wina wotiyendetsa ku linga lakale la Apwitikizi zakana kuchoka m'mutu.

Tinasankha kudzachitira hanemuni kuno chifukwa tonse awiri tinali tisanaonepo nyanja ya mchere, komanso tinkafuna kwina kopanda phokoso pambuyo pa chipwirikiti cha ukwati. Ndipo malowa ndi okongola zedi, sindinama. Kachilumba kake ndi ka makilomita 3 basi mulitali, umafikako podutsa mlatho wautali woti galimoto ziwiri sizingaphanepo njira pokhapokha pa timalo topatukira, nyumba zamiyala zopaka laimu zina zikugumuka, amayi atadzola musiro woyera kumaso, ngalawa za matanga zikungoyandama chapatali. Masiku awiri oyamba ndinkangomwetulira ndekha.

Ndiye lero tapita ku linga la São Sebastião, kumapeto kwenikweni kwa chilumba. Amene amatiyendetsa ndi bambo wachikulire ndithu, atavala kofia, Chingerezi chake chapatalipatali, koma amuna anga kwawo ndi ku Phalombe ndipo Chilomwe ndi Chimakhuwa ndi pachibale, moti atangogwira mawu awiri atatu anayamba kuseka limodzi ngati anadziwana kale. Anatiuza kuti Apwitikizi anayamba kumanga lingali mu 1558 ndipo linawatengera zaka zoposa 50, kuti Adatchi anabwera ndi zombo mu 1607 ndi 1608 kudzalizinga koma analephera kulilanda. Anatilowetsa m'chithanki chachikulu chomwe chimasunga madzi a mvula ochokera pamadenga, mkati mozizira, mawu akumabwerera ukayankhula. Kuseri kwa khoma, pomwe mafunde amamenya, kuli katchalitchi kakang'ono ka Nossa Senhora do Baluarte ka 1522, ndinagwira khoma lake ndi dzanja, mchere unandikanirira m'zala.

Titakwera pamwamba pomwe pali mizinga ya dzimbiri, mkuluyo anafunsa amuna anga kuti, nanga mayiwa kwawo n'kuti? Ndinayankha ndekha monyadira kuti ku Mangochi, ndine Myao. Anakhala kaye chete, kenako analoza kutsidya kwa madzi, kumtunda, nati uko ndi ku Mossuril, anthu akwanu ankafikira kumeneko. Ankabwera wapansi kuchokera kunyanja kwanu atasenza minyanga ya njovu, n'kubwerera ndi nsalu ndi mikanda. Kenako malonda anasintha, anayamba kubweretsa anthu. Afalansa ankawatengera ku minda ya nzimbe ku Mauritius ndi Réunion, ena ankapita mpaka ku Brazil. Sanayankhule mwaukali ayi, amangofotokoza ngati mmene anafotokozera za chithanki chija. Ndiye anawonjezera kuti ambiri mwa ogwidwawo anali Amakhuwa ndi Alomwe, Ayao ndi Anyanja analiponso.

Mtima unangoti myuu. Agogo anga aakazi ankakonda kutisimbira za makolo athu omwe ankapita kumbwani, kutanthauza kugombe la nyanja ya mchere, amuna olimba mtima oyenda miyezi, obwera ndi nsalu zomwe mudzi wonse unkabwera kudzaona. Ine ndakula ndikunyadira nkhani imeneyo. Zoti Ayao ankachita nawo malonda a akapolo tinaphunzira kusukulu, za Makanjira ndi Mponda ndinalemba pamayeso, koma ndi zina kuwerenga m'buku ndipo ndi zina kuima pamalo pake penipeni, madzi ake ukuwaona, pambali pako pali mwamuna wa Chilomwe amene wakuveka mphete Loweruka lapitali.

Amuna anga sanaone kuti ndasintha. Anati, taimani apo pa mzingapo ndikujambuleni, dzuwa lili bwino. Ndinakana. Anabwerezanso, ndinakananso, mwina mokweza mawu kuposa mmene ndimafunira chifukwa mkulu uja anayang'ana kumbali. Tinatuluka m'lingamo osayankhulana, ulendo woyamba chikwatiraneni, ndipo chimene chimandipweteka kwambiri n'choti iwo sanalakwe kanthu.

Tinayenda choncho mpaka kumene nyumba zamiyala zimathera n'kuyamba mbali ya Makuti. Kumeneko nyumba zili m'munsi mwa msewu, ukamayenda umaona madenga ali m'mapazi mwako, chifukwa n'komwe ankakumba miyala yomangira mbali ya azungu ija. Anthu ambiri a pachilumbachi amakhala kumeneko, mothithikana, ana akusewera mpira m'timipata, amayi akudikirira madzi ndi zigubu. Dzulo ndinadutsa pomwepo osaganiza chilichonse, ndimangojambula.

Pamenepo ndi pomwe anandigwira dzanja, nati tandiuzani chavuta n'chiyani. Ndinawauza zonse, za agogo, za kumbwani, ndi funso lomwe limandizunguza loti nsalu zija ankasinthanitsa ndi chiyani. Anamvetsera osandidula. Kenako anati, mayi, ngakhale agogo anga anabwera ku Malawi akuthawa Apwitikizi omwewa ndi ntchito yawo yokakamiza, ndipo a kwanu enanso anagwidwa, mwamva nokha mkulu uja. Inu simunagulitse munthu. Ndikudziwa kuti akunena zoona ndipo ndinawakonda kwambiri pa nthawi imeneyo, koma mtima sunakhazikike, ndinangogwedeza mutu.

Sindikudziwa ngati ndi kutopa kwa ukwati komwe kukundipangitsa kumva zinthu mozama chonchi. Miyezi itatu ya makomiti, ndalama zosakwana, achibale okwiya chifukwa cha makadi, ndinali ndisanalirepo ngakhale kamodzi. Lero misozi yabwera pa tebulo la chakudya, matapa a siri-siri ali patsogolo panga, okoma ngati chiyani, ine ndikupukuta maso ndi chitenje, mtsikana woperekera zakudya n'kumafunsa ngati tsabola wachuluka.

Ndipo sindikufuna wina awerenge izi n'kuganiza kuti asabwere. Bwerani, dzuwa likamalowa kuno madzi amasanduka ofiira ndipo adhana akamamveka ku msikiti wobiriwira uja ndimakumbuka kwathu ku Mangochi. Pano panali likulu la dziko lonse la Mozambique mpaka 1898, ndipo bungwe la UNESCO linapazindikira mu 1991 ngati malo a mbiri ofunika padziko lonse, ndiye zoti muone ndi zambiri. Kungoti ine ndinabwera ndi madiresi a mafoto basi, sindinakonzeke kukumana ndi agogo anga pamwamba pa linga.

Dzulo kamnyamata kena kanandigulitsa mikanda kugombe, yobiriwira ndi yabuluu, kakuti amaitola mumchenga, imachokera m'zombo zakale zomwe zinamira. Ndinagula kuti ndikapatse mayi anga. Ili patebulo apa pafupi ndi chaja, ndaitenga n'kuibwezera kangapo.

Mawa takonza zokwera ngalawa kupita kutsidya, mbali ya Mossuril komweko, tinalipira kale theka. Amuna anga asanagone anati tikhoza kusintha n'kupita kwina ngati sindikufuna. Sindinawayankhe. Ndimafuna ndiwaimbire mayi ndiwafunse zomwe agogo ankanena pamene ife ana tagona, koma kwada, ndipo sindikudziwa kuti funso lotere munthu amaliyamba bwanji.