Soseji yathu ya mafuta ochepa

Tinayamba kupanga soseji m'khitchini mwathu ku Area 25, ine ndi amuna anga, tili ndi makina amodzi opukusa ndi dzanja. Mayi wina wa kumpingo, amene adokotala anawaletsa zonona chifukwa cha BP, ndi amene anatifunsa ngati sitingachepetse mafuta.

Kuchotsa mafutawo sikuvuta. Chovuta n'chakuti soseji imauma gwa, ukaiika pamakala imafota ngati chala cha nkhalamba. Miyezi inayi tinkangotaya nyama. Chinatipulumutsa ndi ufa wosalala wa chinangwa wosungunula m'madzi a ayezi. Ufawo umagwira madzi mkati mwa nyama, moti ukailuma imatulukabe msuzi. Tsiku limene inatheka koyamba ndinaidula pambale, nthunzi ikufuka, ndinaitana aneba kuti adzalawe.

Chaka chisanathe, butchala ina inayamba kugulitsa yofanana nayo. Mtima unandiwawa, ndipo ndinapita kwa loya kuti atithandize kupeza patent, chikalata choletsa ena kukopera chinthu chimene watulukira, kaya konkuno kaya kudzera ku ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa loona za ma patent la ku Harare, komwe Malawi ndi membala.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mayi, sikokwanira kuti chinthu chikhale chatsopano. Chisakhalenso chodziwikiratu, chimene munthu wodziwa ntchito ya nyama akanachiganiza yekha." Anandiuza kuti mu 1991 kampani ya zakudya ya ku America ya McDonald's inatulutsa McLean Deluxe, baga imene Dale Huffman ndi anzake a ku Auburn University anachotsamo mafuta n'kuikamo madzi ndi carrageenan, yochokera ku ndere za m'nyanja. Nzeru yogwira madzi m'malo mwa mafuta ndi yakale, ife tangosintha chogwirira. Anatchulanso mlandu wa makampani a KSR ndi Teleflex wa mu 2007, wokhudza chopondera moto cha galimoto, pomwe khoti lalikulu la ku America linati kuphatikiza zinthu zodziwika kale n'kupeza zimene aliyense akanayembekezera nthawi zambiri sikuyenera patent. Makampani a nyama amakanganirana pamfundo yomweyo.

Mawu akuti "chodziwikiratu" sindinawalandire, mpaka lero. Oweruza amaona yankho litapezeka kale, saona mabeseni a nyama yowonongeka aja. Komabe ndikuvomereza kuti wina akanatsekera ufa wa chinangwa m'mapepala, ifenso sitikanayamba.

Tinalembetsa dzina la soseji yathu ku ofesi ya Registrar General. Muyeso wa ufa, mchere ndi ayezi uli m'kope limodzi, ndipo ndimasakaniza ndekha m'mamawa anyamata a ntchito asanafike.