Pikapu yapakati ndi kalavani yogonamo: mmene ndimayezera ndisanakoke

Nambala imene opanga galimoto amaonetsa potsatsa, yakuti pikapu iyi imakoka makilogalamu akutiakuti, ine ndimaiyang'ana pomaliza. Si yabodza ayi, kungoti pali malire ena amene munthu amawapyola asanaifike. Mitundu ina ya Ford Ranger ndi Toyota Hilux imaloledwa kukoka makilogalamu 3,500 ngati chokokedwacho chili ndi mabuleki ake, ndipo ku America Chevrolet Colorado imafika mapaundi 7,700, omwe ndi pafupifupi chimodzimodzi. Koma muyezo wa SAE J2807, umene makampani ambiri kumeneko amatsatira poyeza kulemera kumene galimoto ingakoke, umawerengera dalaivala ndi munthu wina mmodzi basi, aliyense makilogalamu 68. Paulendo wa banja galimoto sikhala yopepuka chonchi.

Ndimayamba ndi kutsegula chitseko cha dalaivala n'kuwerenga chomata chili pafelemu, kenako buku la galimotoyo. Ndimalemba papepala nambala izi: GVWR, kulemera konse kumene pikapu imaloledwa kufika itanyamula zonse, GAWR, kumene ekiselo iliyonse ingasenze, GCWR, pikapu ndi kalavani pamodzi, ndi payload, katundu amene galimoto imeneyoyo ingasenze, kuphatikizapo anthu. Nambala za pa intaneti sindizikhulupirira, chifukwa pikapu ziwiri za dzina limodzi zimasiyana malinga ndi injini, kukula kwa kebini komanso ngati ndi 4x4. Pa chitsulo chokokera palinso chomata china chonena kulemera kumene chingakoke ndi kumene chingasenze pa tow ball, kachitsulo kobulungira komwe kalavani imakolekedwapo. Nambala yaing'ono pa zonsezi ndiyo ndimatsatira.

Kalavani nayonso ili ndi msampha wake. Wogulitsa amatchula kulemera kwake isanalowe kalikonse. Ikanimo madzi malita 150, amenewo ndi makilogalamu 150 kale, chifukwa lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Onjezani masilinda a gasi, batire, ziwiya, zofunda ndi chakudya. N'chifukwa chake powerengera ndimatenga GVWR ya kalavaniyo, ngati kuti yadzaziratu.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kalavani sikokedwa kokha, imatsamiranso pa pikapu. Pa makalavani opangidwa mwa chikhalidwe cha ku America, kulemera kofika pa tow ball kuyenera kukhala pakati pa 10 ndi 15 peresenti ya kulemera kwa kalavani yonse. A ku Ulaya amapangidwa kuti atsamire pang'ono, 5 mpaka 7 peresenti. Kulemera kumeneku kumachotsedwa pa payload. Tiyerekeze kuti chomata chikunena makilogalamu 600. Anthu anayi atenga 280, zida ndi zikwama za kumbuyo 90, chokokera chogawa kulemera (chokhala ndi zitsulo zokunga zobwezera kulemera kwina kutsogolo) 40. Zatsala 190. Ndikagawa 190 ndi 0.13, kutanthauza 13 peresenti yofika pa tow ball, ndimapeza kuti kalavani isapyole makilogalamu pafupifupi 1,450 itadzaza. Pikapu yolembedwa kuti imakoka oposa 3,000 yathera pamenepo, injini isanatuluke n'komwe thukuta. Pa pikapu za payload yaikulu vuto limasamukira ku GCWR: ngati ndi 6,000 ndipo mwamanga kalavani ya 3,500, pikapuyo, anthu ndi katundu wawo zisapyole 2,500, pomwe galimoto yokhayo ikhoza kukhala kale 2,200.

Masamu akalola, ndimapita pa sikelo yoyezera magalimoto, nditalongedza monga tsiku la ulendo: thanki yodzaza, anthu onse m'kati. Ndimayeza katatu. Koyamba pikapu yokha, ekiselo iliyonse payokha. Kachiwiri kalavani itamangidwa koma zitsulo zogawa kulemera zili zomasula. Kachitatu zitsulozo zitakungidwa. Kusiyana kwa kulemera kwa pikapu pa muyeso woyamba ndi wachiwiri ndiko kulemera kwenikweni kwa pa tow ball. Ndimayang'anitsitsa ekiselo yakumbuyo, popeza tow ball ili kumbuyo kwake ndithu, ndiye imanyamula kutsogolo kwa galimoto n'kukankhira kulemera kwina kumbuyoko. Mukaika 250 pa tow ball, ekiselo yakumbuyo imalandira zoposa 250. Zizindikiro zake zimaoneka ndi maso: kumbuyo kwakhala pansi, nyali zikuloza m'mwamba, chiwongolero chikupepuka m'manja. Matayala akutsogolo sakugwiranso msewu bwino, pomwe ndiwo amakhota komanso amagwira ntchito yaikulu poima.

Chokokera chogawa kulemera chimabwezera gawo la kulemerako kutsogolo. Pochikunga ndimayeza ndi tepi kuchokera pansi kufika pa m'mphepete mwa bodi pamwamba pa tayala lakutsogolo, ndisanamange kalavani komanso nditamanga, kenako ndimakunga mpaka kutsogolo kutsike kufika pamene buku likunena. Dziwani kuti sichiwonjezera payload ngakhale kilogalamu imodzi, ndipo opanga ena saloleza kuchigwiritsa ntchito pa zitsulo zawo zokokera. Anthu enanso amaika zikwama za mpweya kumbuyo, galimoto n'kuoneka yowongoka, iwo n'kuganiza kuti vuto latha. Ekiselo, mabering'i ndi matayala zikusenzabe zomwe zija.

Kalavani iyenera kuima yolingana, kapena mphuno yake itatsika pang'ono, osati kuloza kumwamba. Katundu wolemera ndimamuika pansi, pafupi ndi ekiselo, wochulukirapo kutsogolo kwake. Njinga ndi jenereta zomangirira kumchira ndizo zimayambitsa kugwedezeka.

Pomanga, tow ball ifanane ndendende ndi kapu ya kalavani, imene imavala pa tow ball. Ya mamilimita 50 ndi ya mainchesi 2 zimaoneka zofanana koma sizofanana, ndipo makalavani akuluakulu ambiri ku America amafuna ya mainchesi 2 ndi 5/16. Ndikatseka loko ndimakweza jeki pang'ono kuti ndione ngati kumbuyo kwa pikapu kukunyamuka limodzi. Ngati kapu yachoka pa tow ball, sinagwire. Matcheni ndimawapingasa pansi pa mphuno, waya wa buleki yadzidzidzi ndimaumangirira pa galimoto penipeni osati pa tcheni, n'kulumikiza pulagi ndi kuyesa nyali zonse. Mpweya wa m'matayala ndimayeza akadali ozizira.

Ngati kalavani ili ndi mabuleki amagetsi, pikapu imafunika brake controller, kachipangizo kolamulira mphamvu ya mabulekiwo. Ndimaiyesa pamalo athyathyathya opanda magalimoto, pa liwiro la makilomita pafupifupi 40 pa ola: ndimakoka kachogwirira kake ndi dzanja, n'kumawonjezera mphamvu mpaka matayala a kalavani atatsala pang'ono kusiya kuzungulira, kenako ndimabweza pang'ono. Mphamvu ikachepa kalavani imakankha pikapu poima, ikachuluka imagwedeza ndi kudya matayala.

Pali china chimene sikelo sionetsa. Kalavani yogonamo ndi yaitali m'mwamba ndiponso yotakata, ndiye imagwira mphepo ngati thanga la bwato. Pikapu yapakati ndi yopepuka, yopapatiza komanso yaifupi pakati pa maekiselo kuyerekeza ndi pikapu zazikulu, choncho kalavani yaitali imaipotoza mosavuta lole ikamadutsa. Ngolo ya mchenga yolemera chimodzimodzi sivuta motero. Mabuku ena amaika malire a kukula kwa nkhope ya chokokedwa, ndipo ndimawawerenga. Ineyo sindikonda kupyola 80 peresenti ya nambala yokokera. Si lamulo, koma zimasiya mpata wa zitunda, kutentha ndi mphepo. Injini yopanda turbo imatayanso mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse okwera.

Pamsewu ndimayatsa tow/haul, batani losintha kagwiridwe ka magiya pokoka katundu, ngati lilipo, kuti giyabokosi isamangosinthasintha magiya n'kutenthetsa oyilo. Pamtsetse ndimalowetsa giya yotsika ndisanayambe kutsika, buleki ndimaponda mwamphamvu kanthawi kochepa n'kusiya, osati kuigwirira njira yonse. Kalavani ikayamba kugwedezeka, musaponde buleki ya pikapu mwadzidzidzi ndipo musalimbane nayo ndi chiwongolero. Gwirani chiwongolero molunjika, chotsani phazi pa moto, kokani kachogwirira ka brake controller kuti kalavani idzikokere yokha kumbuyo n'kuwongoka. Mukaima, sunthirani katundu kutsogolo, onani matayala, ndipo muyezenso kulemera kwa pa tow ball musanapitirire.