Loweruka ku British Museum: munthu wa m'dambo la Lindow

Lero sindinali pa ntchito, ndiye ndinapita ndi mwana wanga wamkazi ku British Museum, nyumba yosungira zinthu zakale ya ku London. Kusukulu akuphunzira za anthu akale otchedwa Celts, ndipo sabata yonse wakhala akundifunsa kuti, "Amayi, kodi ansembe awo aja, ma druid, ankaphadi anthu popereka nsembe?"

Tinalunjika ku chipinda cha nambala 50, kumene kuli mtembo wotchedwa Lindow Man. Anaupeza anthu okumba dothi lakuda m'dambo la Lindow Moss, pafupi ndi tauni ya Wilmslow ku England, mu Ogasiti 1984. Mwamunayu anafa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ali ndi zaka za m'ma 20. Khungu lake lada ngati chikopa chofufuta, koma ndevu zikuoneka, zodulidwa bwinobwino. Zikhadabo nazo n'zosalala, osati za munthu wogwira khasu. Mwana uja anangoti zii, atandigwira dzanja mwamphamvu.

Mtembowo uli ndi mabala m'mutu, kachingwe m'khosi ndiponso chooneka ngati bala la mpeni pakhosi pomwepo. M'mimba anapezamo zotsalira za mkate wopserera ndi mungu wochepa kwambiri wa mistletoe, kachomera komera pa nthambi za mitengo ina. Mkangano wagona pa mungu umenewu. Mroma wina, Pliny, analemba kuti ma druid ankalemekeza chomerachi, nachidula ndi chikwakwa chagolide atavala zoyera. Mtsogoleri wa Aroma, Julius Caesar, naye analemba kuti ku Gaul (dera limene lero kuli France) ankatentha anthu amoyo m'zifanizo zikuluzikulu zolukidwa ndi nthambi. Choncho ena anangolumikiza kuti ameneyu anali nsembe ya ma druid. Koma akatswiri ena, monga Ronald Hutton, amati mwina anali wolakwa amene anaweruzidwa kuti aphedwe, kapena anangochitidwa chiwembu. Mungu wochepa chotero munthu akhoza kuumeza ndi madzi akumwa.

Chimene chikundivuta mumtima n'chakuti ma druid sanalembe chiphunzitso chawo. Caesar yemweyo akuti ankaloweza pamtima, ena mpaka zaka 20. Ndiye pa bwaloli mboni yolankhula ndi mdani amene anawagonjetsa pankhondo, pomwe mwini nkhani ali chigonere m'galasi. Komabe sindinganene kuti Aroma ndi Agiriki ananama zonse. Agiriki awiri, Strabo ndi Diodorus, analemba kuti anthu a ku Gaul ankasunga mitu ya adani poipaka mafuta a mkungudza, ndipo ofukula zakale anapezadi utomoni wa mitengo yamtunduwu pa zigaza ku Le Cailar, kum'mwera kwa France. Koma chikwakwa chagolide chija mpaka lero sichinatuluke m'nthaka.

Ndili chiimire pamenepo ndinakumbuka kwathu. Zambiri zolembedwa za ufumu wa Maravi zinachokera kwa Apwitikizi, mpaka Yusuf Juwayeyi atakumba ku Mankhamba, ku Dedza, n'kupeza mikanda yagalasi ndi mapale a mbale za ku China. Nthaka nayo inaperekapo umboni wake.

Pobwerera, m'basi, mwana anatulutsa kope lake. "Ndiye ndilembe chiyani, Amayi?" Ndinamuuza kuti agawe tsamba pawiri, mbali ina alembe zimene Aroma ananena, mbali ina zimene waona ndi maso ake. Anayambira mbali yachiwiriyo, ndipo mawu ake oyamba anali a zikhadabo zija.