Kanyali kachikasu kanandidyera bonasi

Galimoto yanga ndi Toyota Sienta, ija ya maso obulungira ndi mipando 7, yomwe aliyense mu Blantyre muno amaiyesa takisi. Ukangoima pa Ginnery Corner kuti uyankhe foni, umangomva chitseko chakumbuyo chatseguka, mayi wina wakhala kale ndi dengu pamiyendo: "Limbe bwana, tiyeni." Inachokera ku Japan, kutsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndipo mpaka lero ndikaliza injini mumayankhula mzimayi wa Chijapani. Ana anga amamuyankha kuti "zikomo anti."

Vuto linayamba sabata yomwe apongozi anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzaona zidzukulu. Anabwera ndi thumba la mtedza wosasenda, ndipo poti m'nyumba mwathu ku Chilomoni malo ndi ochepa, tinaliika m'kashedi momwe mumagona galimoto. Patapita masiku, m'mawa wina ndikupita kuntchito, Sienta inayamba kutsokomola. Ndikaponda mafuta inkangolira osapita. Pa dashibodi panayaka kanyali kachikasu, kachithunzi ka injini kaja anthu amati Check Engine. Pachitunda china bambo wokankha njinga ya makala anandipitirira, n'kundipatsa moni mwaulemu ndithu.

Makanika wanga wa nthawi zonse ndi mkulu wina wa ku Ndirande, tonse timangomutchula kuti Madala. Anaphunzira ntchito nthawi ya ma Datsun ndi ma Peugeot 504, ndipo amamvera injini pogunditsa sikuludiraiva pachitsulo, chogwirira chake ataika kukhutu. Tsiku limenelo ndinamupeza ali pansi pa minibasi, kukuoneka mapazi okha.

"Madala, kayaka kanyali."

"Kofiira?"

"Kachikasu."

"Zimenezo ndi za anyamata a malaputopu, mwana wanga. Pita akaiike pa mashini, ubwere undiuze zomwe anena."

Mapazi aja sanasunthe n'komwe.

Ndinapita ku galaja ina ya cha ku Limbe yomwe anzanga ankaitama. Wondilandira anali mnyamata wa nsapato zoyera, manja ake opanda ndi kadontho komwe ka girizi. Asanakhudze galimoto anati, "Kuika pa mashini ndi K35,000, bigi. Mulipiriretu." Ndinakumbukira agogo anga akupereka chipondamthengo kwa sing'anga: mizimu sinkayankhula nkhuku isanaoneke. Ndinatumiza ndalama pafoni, uthenga utalowa kwa iye ndi pamene anagwada pansi pa chiwongolero.

Pansi pamenepo, pamwamba pa mapedulo, pali kasoketi ka mabowo 16 komwe ine mwini galimoto sindinkadziwa kuti kalipo. Amakatchula OBD-II. Ku America analamula kuti galimoto zonse zatsopano zikhale nako kuyambira 1996, ndipo opanga galimoto a m'mayiko ena anatsatira. Mnyamata uja analowetsapo chingwe, anadina apa, anadina apo, mphindi zisanu zisanathe anandionetsa sikirini.

"P0102. Ndi sensa ya mpweya, bigi. Imayeza mpweya wolowa mu injini kuti kompyuta idziwe mafuta oti ithire. Sikutumiza uthenga."

"Basi? Mwatha?"

"Ndatha."

Ndinamuuza kuti zaka zingapo zapitazo mnzanga anapimitsa yake ndi ndalama yosakwana theka la imeneyi. Apa mnyamata anakhala pa tayala n'kundiphunzitsa za chuma. Mashiniwo anagula ndi madola. Chaka chilichonse amalipiranso madola kuti pulogalamu yake ilandire update, apo ayi imasiya kuzindikira galimoto zatsopano. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ukapita kubanki kukafuna dola amakuuza kuti lembetsani mudikire. Ndiye iye amakaigula kuseri, pamtengo wakuseri. "Sipanala mumagula kamodzi, bigi, mpaka mdzukulu wanu adzaigwiritsa ntchito. Iyi imafuna lendi."

Kunena zoona mnyamatayo sanali wakuba, ndipo masamu akewo ndinawamva. Chomwe sanandiuze, mwina iyenso sanachiganizire, n'chakuti mashini amangonena kuti uthenga wa sensa sukufika ku kompyuta. Sanena chifukwa chake. Koma munthu ukalipira K35,000 umafuna kumva dzina la chinthu choti ukagule, ndipo iye anandipatsa dzina.

Sensa ndinaipeza mu Limbe momwemo, m'kashopu kodzaza magalasi ndi mabampa mpaka kudenga. Mwini wake anaitulutsa pansi pa kauntala itakulungidwa m'nyuzipepala, anaiuzira fumbi, n'kulumbira kuti ndi orijino ya ku Japan. K90,000. Bonasi yanga, yomwe mayi a kunyumba anali ataiwerengera kale malata a khitchini, inayamba kuwonda pamenepo.

Kumanga sensa ndi masikuluwu awiri basi. Atamanga, mnyamata anandiyang'ana.

"Tsopano tifufute khodi, nambala ya vuto ija. K35,000."

"Aise, si ndalipira m'mawa uno?"

"Munalipira kuwerenga, bigi. Uku ndi kufufuta. Koma poti ndinu kasitomala, patseni 25."

Anafufuta. Kanyali kanazima. Ndinaliza injini, anti wa Chijapani anayankhula zake, ndipo asanamalize chiganizo kanyali kanayakanso. Tonse awiri tinakayang'ana. Mnyamata anakanda chibwano, n'kunena mawu omwe anandiumitsa malovu: "Ndiye kuti ndi bokosi." Bokosi ndiye kompyuta yeniyeni ya injini, ECU. Loyenera kuitanitsa kunja, likafika alipange pulogalamu kuti ligwirizane ndi makiyi, apo ayi galimoto idzakana kulira poganiza kuti mwini wake ndi wakuba. Mtengo wake anautchula m'madola. Sindinafunse kuti m'makwacha ndi zingati, chifukwa ndinali ndisanadye.

Kunyumba mayi anangoti, "Walira mvula walira matope. Si munkati minibasi zakukwanani?"

Apa ndi pomwe analowerera alamu anga, mchimwene wa mayi a kunyumba, yemwe amapitapita ku Johannesburg ndipo sasowa yankho pa chilichonse. Anatulutsa m'thumba kachipangizo kabuluu kolembedwa ELM327. "Alamu, anthu aja akukuberani. Kameneka mumangokabaya pasoketi, kamalumikizana ndi foni pa Bluetooth, basi ndinu makanika." Tinayesa, ndipo foni yanga inalembadi P0102, yomwe ija ya K35,000, mwaulere. Ndinamva kukoma kosaneneka. Loweruka lonse ndinakhala ndikuzungulira kwa aneba ndi kachipangizoko, kupima Vitz ya aphunzitsi, Demio ya abusa, kuwerenga manambala mokweza ndi nkhope ya dokotala, kenako n'kuthawira kuseri kwa nyumba kukafunsa Google tanthauzo lake. Madzulo ndinakabwezera mu Sienta yanga kuti kasasowe.

Bowo la nambala 16 pa kasoketi kaja limakhala ndi moto wa batire usana ndi usiku, kiyi ali m'thumba kapena ayi. Kachipangizo kotchipa kamangoyamwa pang'onopang'ono, kakuphethiraphethira mumdima. Galimoto inakhala osayenda masiku angapo podikira za bokosi, ndipo batire yanga inali yokalamba kale.

Linafika tsiku loti apongozi abwerere kwawo. Ndinaganiza kuti ngakhale ikutsokomola, Sienta ikafika pa Wenela. Apongozi anakhala kumbuyo atavala chitenje chatsopano, chikwama pamiyendo, shuga ndi sopo zili m'jumbo. Ndinapotokola kiyi. Kete-kete-kete. Ngakhale anti wa Chijapani sanatsegule pakamwa.

Anyamata omwe amakhala pa bawo kunja kwa geti anafika osaitanidwa. "Tiikankhe, bwana! Apa m'potsetsereka, ingolira." Mkamwini sanganene pamaso pa apongozi kuti zakanika. Ndinadina kabatani ka shift lock, giya inalowa pa N, ndipo anyamata anayamba kukankha akuimba. Titangotuluka pageti msewu unatilandira.

"Ikani thuu, bwana! Thuu!"

"Siyani kilachi! Siyani kilachi tsopano!"

Phazi langa lamanzere linafufuza pansi, n'kupeza kapeti. Sienta yanga ndi otomatiki. Ilibe kilachi, ndipo siilira ndi kukankha ngakhale mutaitsetseretsa kuchokera pamwamba pa Michiru. Chinanso chomwe ndinachidziwira pomwepo n'chakuti injini ikakhala yozima chiwongolero chimauma gwa, ndipo mabuleki ukawaponda kangapo amasanduka mwala. Anyamata anatsalira kumbuyo akukuwabe za kilachi. Ine ndinaimirira pa buleki ndi mapazi onse awiri, ndikuitana Mulungu m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Tinadutsa tchalitchi, tinadutsa chigayo, nkhuku zikubalalika uku ndi uku, mpaka Sienta inakaima mofatsa m'kati mwa benchi ya tomato ya mayi wina pakona.

Palibe anavulala, kupatula tomato. Mayi uja sanakalipe n'komwe. Anangoyamba kuwerenga milu, yophwanyika ndi yosaphwanyika yomwe, n'kunditchulira mtengo wa madzulo a Khirisimasi. Apongozi anatsika pang'onopang'ono, anakonza chitenje, n'kunena, "Apongozi, galimoto yanu ndi yabwino. Imayenda mwakachetechete." Anakwera kabaza wa njinga yamoto, jumbo ya shuga ili pakati pa iwo ndi woyendetsa.

Batire tinabwereka ya abusa. Injini inalira, koma wailesi ya m'galimoto, poti moto unathimiratu, inadzuka itaiwala zonse. Sikirini inadzaza zilembo za Chijapani, ikufuna nambala yachinsinsi yomwe mwini wake woyamba anapita nayo. Kuti aitsegule, mnyamata winanso wa laputopu anandidya K20,000. Wailesi yake yomweyo imathera pa 90 FM, masiteshoni ambiri a kuno siigwira, koma ana sakanandilola kuisiya.

Ndinabwerera ku Ndirande ndi galimoto yonunkha tomato. Ulendo uno Madala anali pamtunda, akumwa tiyi m'kapu yachitsulo.

"Anena chiyani a malaputopu?"

"Akuti sensa ya mpweya. Tasintha, sizinatheke. Tsopano akuti bokosi."

"Sensa ya mpweya ili pati?"

Ndinamulozera. Anaika kapu padenga la galimoto, anamasula timakilipi ta bokosi la air filter, n'kutukula chivundikiro. Anakhala chete. Kenako anaitana anyamata ake onse kuti adzaone.

M'katimo munali makoko a mtedza odzaza manja awiri, tizidutswa ta thumba, ubweya, ndi sokosi yanga imodzi yakuda yomwe inatikanganitsa ndi mayi a kunyumba sabata yathunthu. Fiyuta inali itadyedwa pakona mwaluso. Madala anagwira mawaya ochokera pa sensa n'kuyamba kuwatsata ndi chala, pang'onopang'ono, mpaka kuseri komwe diso silifika. Anakoka pang'ono, ndipo waya wina woonda anatuluka ali pawiri, nsonga zake zili ndi timano.

"Nali bokosi lanu la madola," anatero. "Lili ndi mchira."

Anasenda waya ndi mano ake omwe, analumikiza, anawotcherera, anakulunga tepi yakuda. Tinagula fiyuta yatsopano pamsika pomwepo. Injini inalira bwinobwino moti ndinafuna kulira nane. Anandilipiritsa K5,000, n'kuwonjeza kuti ndigule msampha. Atafunsa za sensa yakale, yomwe tsopano zinaoneka kuti inalibe mlandu, ndinakumbukira kuti ndinaisiya pansi ku galaja kuja. Ndikukhulupirira kuti pano ili m'nyuzipepala penapake mu Limbe, ikudikira wa Sienta wina.

Kanyali kokha kanali kakadayaka. Madala anati tichotse waya wa batire kwa kanthawi, kazima kokha. Ndinalumpha n'kugwira dzanja lake. Wailesi ija! Sindikanalipiranso K20,000 ina. "Ndiye pita kwa anzako akafufute," anatero akutenga kapu yake.

Ndinayenda nako masiku angapo, koma kankandiyang'ana moipa, ndipo mayi a kunyumba ankati akakaona mutu umawapweteka. Ndinaimbira mnyamata wa nsapato zoyera. Anati ali ndi anthu ambiri, nditumiziretu 25 kuti andisungire malo. Ndinatumiza. M'mawa mwake ndinanyamuka, ndinaima pa Chichiri kuthira mafuta, ndipo nditalizanso injini dashibodi inali mbee. Kompyuta ya galimoto ikaona kuti vuto silinabwererenso pa maulendo atatu otsatizana, imazimitsa yokha kanyaliko. Izi anandifotokozera mnyamata yemweyo, nditafika pageti pake, akumwetulira.

"Ndiye ndibwezereni ndalama yanga, aise."

"Yalowa kale m'buku, bigi. Koma poti mwabwera, tiyeni tiiike pa mashini tione chifukwa chake kazima."

Anagwada, analowetsa chingwe, anadina apa, anadina apo. Anati khodi yakale ija yatsala m'chikumbumtima chabe, anaifufuta, n'kunditembenuzira sikirini.

"Galimoto yanu ilibe vuto lililonse, bigi. Amene anakonza ndani? Mundipatseko nambala yake, ndili ndi Sienta ina kuseriku yandivuta mwezi wonse."